Kukamuonetsa Mwana Posito

Kwathu ku Ngauma, m'zaka za m'ma 1950, kunabwera kaleredwe kena ka ana osamva kamene sikanachokere kwa makolo athu ndipo sikanachokere ku tchalitchi. Tinkati kukamuonetsa mwana posito. Posito inali nyumba ya boma la Apwitikizi, yopaka njereza, mmene munkakhala mzungu amene tinkamutcha shefi, ndi asipayo ake, apolisi achikuda ovala zipewa zofiira. Mwana akakukanika, unkagwira nkhuku n'kupita naye kwa sipayo amene ukumudziwa. Sipayoyo ankamutengera kuseri kwa nyumbayo, n'kumumenya pang'ono m'manja ndi mbalamatodya, kathabwa kaja ka mabowo, kenako n'kumutsekera m'kalaboso, kandende ka pomwepo, kuti aone mmene mumakhalira. Kukacha ankakubwezera mwana wako atafatsa. Shefi sankadziwa n'komwe. Inali nkhani ya iwe, sipayo ndi nkhuku basi.

Ife m'nyumba tinalimo atatu: Amayi, ine, ndi mlongo wanga, mnyamata wobadwa pambuyo panga. Abambo anapita ku Halale kukafuna ntchito ndipo anatchona. Chimene anatisiyira ndi buluku limodzi la khaki, limene Amayi ankalisunga m'bokosi ndi kulianika padzuwa nthawi ndi nthawi kuopa njenjete.

Zaka za mlongo wanga sindizidziwa, chifukwa kwathu sitinkawerenga. Ndimangodziwa kuti mawu ake anali akadali achibwana, koma thupi linathamanga, anatalika ngati chimanga cha pachulu. Ndipo anali wakuba. Sindimubisira. Mazira a anthu, mtedza wa pansanja, nkhunda za akatekisita a pa tchalitchi pathu, zonse zinkadutsa m'manja mwake. Ukamugwira ankakuyang'ana m'maso muli gwa, n'kukufotokozera mmene nkhundayo inamutsatira yokha. Ankadziwanso kuyesezera anthu. Akayamba kuyenda ngati akatekisita, manja kumbuyo, akutsokomola asanayambe mawu alionse, Amayi ankamukalipira nkhope atatembenuzira kukhoma kuti asaoneke kuti akuseka. M'nyumba mwathu simunkakhala zii. Mwina tikukangana naye, mwina tikumuseka, mwina kwabwera munthu kudzadandaula.

Zinafika poipa atayamba kuyenda ndi anyamata akuluakulu amene ankadumpha malire pafupi ndi Mandimba kulowa ku Nyasalande. Anayamba kusolola fodya m'chigafa cha amalume, mlongo wawo wa Amayi, n'kukamugulitsa tsidya linalo. Ankabwerako patapita masiku, akununkha kachasu, makadi a juga ali m'thumba. Amalume anamukwapula mpaka mkono kuwawa. Akatekisita anamugwaditsa pamiyala pakhomo la tchalitchi. Amayi, Mkhristu weniweni amene sankajomba mapemphero, anakatenga mankhwala kwa sing'anga n'kumuthirira m'phala mobisa. Mnyamatayo anamwa phalalo, n'kunena kuti lero ndiye mwaphika bwino.

Nzeru ya posito inabwera ndi mayi wina Myao wa ku Mandimba, amene ankayenda m'midzi kusinthanitsa nsomba zouma ndi chimanga. Anapeza Amayi atagwira tsaya pakhonde.

"Mukudandaula chiyani inu?" anatero mayiyo. "Wanga anali woposa apa. Ndinakamuonetsa posito kamodzi kokha. Lero amandinyamulira dengu, ndikamuitana amavomera ndisanamalize. Mukafunse sipayo wa dzino lothyoka, mukanene kuti ndakutumani ine. Tengani nkhuku yonona."

Amayi sanafulumire. Anakhala nayo nkhaniyo mumtima mpaka tinamaliza kukolola. Tsiku lina tikutonola chimanga anandiuza, osandiyang'ana: "Ndikamusiya, adzamuwombera pa malire paja. Bola alire lero ndili pomwepo, mawa ndibwere naye." Sankandifunsa maganizo. Ankangofuna kuti mawuwo amveke kunja kwa mutu wawo.

M'mawa wa tsikulo anatsegula bokosi. Kwathu munthu sapita pamaso pa akuluakulu ndi nsanza, ngakhale akupita kukalandira chilango, ndipo kabudula wa mlongo wanga anali atatha kumatako. Anamuveka buluku la abambo, analipinda kumiyendo, n'kulimanga m'chiuno ndi luzi. Anamuuza kuti tikupita ku Mandimba kukagula nsalu kwa Amwenye. Iye anasangalala zedi. Anazungulira pabwalo manja ali m'matumba, akuyankhula ndi mawu onenepa. Ataona ine nditapanira nkhuku m'khwapa anafunsa kuti: "Nanga achemwali, nkhukuyo nayo ikukasankha nsalu?"

Njira yonse ankayankhula yekha. Titafika pamphambano n'kukhotera njira ya ku posito anayang'ana Amayi, anayang'ana nkhuku, ndipo ndikhulupirira kuti anazindikira. Sanathawe. Mwina ankaganiza kuti ndi zija za amalume, kulira pang'ono kenako n'kukasimba kwa anzake.

Pabwalo la posito tinapeza anthu ambiri kuposa mmene tinkaganizira. Amuna anali atakhala pansi m'mizere padzuwa, ndipo pansi pa mtengo panaima galimoto lalikulu lopanda denga. Sipayo wa dzino lothyoka tinamupeza mosavuta. Amayi atangotchula mayi wa nsomba uja, iye anayang'ana uku ndi uku n'kunong'ona: "Mayi, mwabwera tsiku loipa. Lero akusonkhanitsa amuna a chibalo cha msewu ndipo sanakwane. Bwererani pompano."

Tinali titatembenuka kale pamene shefi anatulukira pakhonde. Anatiloza ndi chibwano. Womasulira wake, mkulu wina wovala jekete, anatiitana.

"Mayi, shefi akufunsa kuti mlandu wanu ndi wotani."

Anthu akhala akundiuza kuti Amayi akananena bodza, akanati tasochera, kapena tabwera kudzagulitsa nkhuku. Zimandipsetsa mtima, chifukwa onena zimenezi sanagwadepo pafumbi limenelo. Kwathu ukapita ndi mwana kwa munthu wamkulu kuti amulange, umanena zonse, umaonjezeranso pang'ono kuti malangizo amukwane. Kubisa n'kunyoza amene akukumverayo. Amayi ankadziwa njira imodzi yokhayo yoyankhulira ndi wamkulu. Anagwada, anaomba m'manja, n'kuyamba. Ananena za mazira. Ananena za nkhunda. Shefi ankamvera akuyang'ana kwina. Atafika pa fodya ndi malire, womasulira anazengereza, anawayang'ana Amayi ngati akuwapempha kuti alekere pomwepo, koma Amayi anabwereza mokweza poganiza kuti mkuluyo sanamve. Pamenepo shefi anatembenuka.

Anafunsa zaka za mnyamatayo. Amayi anati anabadwa chaka chimene tinasamuka kumudzi wakale. Womasulira sanavutike n'kumasulira. Shefi anayang'ana msinkhu wa mlongo wanga, anayang'ana buluku lija, n'kulamula kuti avule malaya ndi kukweza manja m'mwamba. Umu ndi mmene boma linkadziwira amene wakula wofunika kukhoma msonkho: linkasuzumira m'khwapa. Ngati mulibe tsitsi ndiwe mwana, ukwapulidwe upite kwanu. Ngati lilimo ndiwe bambo. Sipayo wina anasuzumira, anagwedeza mutu. Munali timatsitsi tija tongoyamba kumene, timene ngakhale ine, wokhala naye nyumba imodzi, sindinkadziwa kuti tilipo.

"Shefi akuti uyu si mwana," anatero womasulira. "Alandira mbalamatodya chifukwa cha malire, kenako akwera galimoto."

Amayi anakwawa ndi mawondo mpaka pamasitepe. "Ndi mwana, bwana! Bulukulo ndi la bambo ake, ndamuveka ndine! Ndi mwana uyu, mvula ikamagunda amabisala kumsana kwanga!" Amuna ena m'mizere muja anaseka. Mlongo wanga anaweramitsa mutu, manja akadali m'mwamba chifukwa palibe amene anamuuza kuti atsitse.

Sanamutengere kuseri. Anamumenyera pomwepo, ndipo womenyayo sanali wa dzino lothyoka uja. Kulira kwa kathabwako ndikukumbukira, koma sindinganame kuti ndinamva chisoni kapena mantha. Mutu wanga unangoima. Ndinkayang'ana mitengo ya mango ya pabwalopo, imene inapakidwa njereza kuchokera pansi mpaka m'chiuno, n'kumadzifunsa kuti kodi munthu amapakiranji mtengo. Nkhuku inali kutentha m'khwapa mwanga. Atamaliza anamukankhira m'galimoto chifukwa sakanatha kugwira chitsulo kuti akwere. Anakhala pakati pa amuna a ndevu, manja atawatambasula pamawondo. Ndinadikira kuti andikwinyire nkhope monga ankachitira amalume akamaliza kumukwapula. Sanayang'ane kumene tinali.

Tinabwerera ndi nkhuku yathu. Palibe amene anaifuna. Amayi ankayenda patsogolo atanyamula malaya a mwana wawo. Ulendo wonsewo anayankhula kamodzi, pakamtsinje, pamene anandiuza kuti ndiimwetse madzi nkhukuyo.

Masiku otsatira tinkagwira ntchito ngati kale. Tinakonza nazale ya fodya, tinagalauza munda, tinkatunga madzi. Amalume anati nkhani ikalowa m'boma munthu sulowetsako mutu, ndipo anaonjeza kuti tsopano chigafa chawo chipuma. Sindinawayankhule mpaka mvula inagwa. Akatekisita anati tizipemphera. Mayi wa nsomba uja anayamba kudzera njira ina. Ine ndinkadya, ndinkagona tulo tabwino, ndipo ndinkadabwa nazo. Anzanga kudambo akandifunsa, ndinkafotokoza zonse mwadongosolo ngati ndikusimba za mwana wa eni ake.

Amene anatikumbukira ndi sipayo wa dzino lothyoka. Anatuma munthu kudzatitsina khutu kuti gululo likukonza msewu kumbali ya Cuamba, cha ku Lúrio. Amayi anasinja ufa, anakazinga mtedza, tinanyamuka. Tinayenda masiku angapo, tikugona m'makomo mwa anthu. Kuyandikira kumeneko anthu ake anali Amakua ndipo chinenero chawo sitinkachimva, koma mayi wina atangoona mtolo wa ufa ndi nkhope ya Amayi anatilozera njira osafunsa. Zikuoneka kuti sitinali oyamba.

Tinawapeza masana dzuwa lili paliwombo. Amuna ankakumba dothi lofiira m'dzenje, ena ankalisenza m'madengu kukathira pamsewu. Onse anali ofiira kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ndinavutika kumuzindikira. Ndinamudziwa ndi kayendedwe. Anali atavala chiguduli m'chiuno. Amayi anamuitana. Anaima dengu lili pamutu, anayang'ana kwa kapitawo, ndipo kapitawoyo atagwedeza chikoti chake iye anapitiriza kuyenda. Anatidutsa kambirimbiri, popita ndi dengu lodzaza, pobwera lopanda kanthu, ife tili chiimire m'mbali mwa msewu. Amayi ankamuuza nkhani za kumudzi nthawi iliyonse akamadutsa, pang'onopang'ono: kuti mbuzi yabereka, kuti denga tafolera, kuti fodya wamera bwino. Iye ankangoti "Eya, Amayi," osatembenuza khosi chifukwa cha dengu.

Kapitawo anabwera kudzatenga ufa ndi mtedza, nati amupatsa akaweruka. Amayi anamufunsa kuti mwanayo atuluka liti. Anayankha m'Chinyanja chothyokathyoka kuti msewu ukatha. Ndinayang'ana kumene msewuwo unkalowera ndipo sindinaone pothera. Tinanyamuka dzuwa lisanapendeke kuti tikapeze pogona.

Mvula inagwa, inatha. Tinathyola fodya, tinamuanika, tinakolola chimanga. Tsiku lina masana ndikupeta pabwalo ndinaona munthu ataima pamphepete pa bwalo, pamene amaima alendo. Anati, "Odi." Mwana wobadwira m'nyumba imeneyo anati odi, n'kudikira kuti timulowetse.

Amayi analira, anamugwira nkhope, anamugwira mapewa. Iye anaima chilili mpaka anamuuza kuti akhale. Zala zake ziwiri za dzanja lamanja sizinkapindika bwino. Pamwamba pa mutu tsitsi linali litathothoka chifukwa cha dengu. Mawu ake anali atasanduka achibambo, koma tinawamva mochedwa chifukwa sankawagwiritsa ntchito. Ndinamutengera madzi osamba ndikudikira kuti mtima wanga uchite kanthu, udumphe kapena uwawe. Unangokhala phee. Ndinazindikira kuti ndinali kudikirabe mlongo wanga, pamene munthu anali atakhala kale pamphasa.

Sanabenso. Izi ndiyenera kunena, chifukwa ndi zoona. Sanapitenso ku malire. Anzake akale akamuimbira likhweru kuseri kwa nkhokwe, sankatukula mutu. Ankadzuka kusanache n'kupita kumunda, ankalima mpaka wina akamuuze kuti basi. Tsiku lina tinaiwala kumuitana ndipo tinamupeza madzulo akulimabe, atalowa m'munda wa eni ake. Ukamupatsa chakudya ankadya msangamsanga atatembenukira kukhoma. Amayi akamuitana ankaimirira n'kuyankha m'Chipwitikizi kuti "Pulonto," kutanthauza kuti ndakonzeka, mmene ankayankhira kwa kapitawo. Za kumsewu sananenepo, ndipo ife sitinafunse.

Ndinamuyesa. Tsiku lina tikuchokera ku tchalitchi ndinaika manja kumbuyo, ndinatsokomola ngati akatekisita, n'kuyamba kuyenda patsogolo pake. Sindinkatha bwino, koma kale zikanamukwanira kuti andikonze. Anandiyang'ana mwaulemu mpaka ndinamaliza, n'kundifunsa ngati ndadwala chifuwa.

Chimene chinandinyansa ndi anthu. Mudzi wonse unayamikira. Amalume anamupatsa ntchito yolondera chigafa chomwe chija, n'kumauza alendo kuti palibe mnyamata wokhulupirika ngati mphwawo. Akatekisita anamuimiritsa kutsogolo m'tchalitchi kuti ana amuone mmene munthu amasinthira, iye n'kuima pomwepo maso ali pansi mpaka anamuuza kuti akakhale. Mayi wa nsomba anayambanso kudzera kwathu, akulankhula mokweza kuti, "Sindinanene ine?" Amayi ena anayamba kubwera ndi timphatso, kudzafunsa kuti sipayo wake ndi uti ndipo nkhuku ikhale yotani. Amayi ankawalandira, ankawayalira mphasa, koma pa funsolo ankangoyang'ana pansi mpaka mlendoyo atatopa. Mmodzi ndinamuthamangitsa ndine, ndi mawu amene sindingalembe pano, ndipo anakandinenera kuti ndine mtsikana wopanda mwambo. Ndinavomera.

Amayi sanadandaulepo pamaso panga. Koma ndinayamba kuona zinthu zachilendo m'nyumba. Munthu amene moyo wake wonse ankabisa chilichonse chodyedwa, kupachika kudenga, kukwirira m'madeya, anayamba kuiwala. Ankasiya nthochi zakupsa pakhonde. Ankasiya nthuli ya nyama yootcha pamwala, osavundikira, n'kupita kudambo. Pobwera ankayamba wayang'ana pamenepo asanatule mtsuko. Zonse ankazipeza mmene anazisiyira. Poyamba ndinkaganiza kuti ukalamba wawayamba msanga.

Titagulitsa fodya anapita okha ku Mandimba, n'kubwera ndi shuga m'kapepala. Shuga kwathu tinkamuona pa Khirisimasi, mwinanso ayi. M'mawa mwake anatsegula kapepalako, anakaika pamphasa pakati pa nyumba, pafupi ndi pamene mlongo wanga ankasungira khasu lake. Kenako anandikoka dzanja kuti tipite kuseri kukasankha nyemba. Tinakhala kumeneko nthawi yaitali. Nyembazo zinali zosankha kale. Amayi ankangozitembenuza m'lichero, khutu lili kunyumba.

Tinamva mlongo wanga akubwera kuchokera kumunda. Tinamva akutsamiritsa khasu. Kenako kunali zii, ndipo ndinaona manja a Amayi ataima m'lichero. Milomo yawo inkagwedera ngati akupemphera, ndipo mpamene ndinadziwa chimene ankapempha: kuti mwana wawo abe shugayo.

Anatulukira kuseri kuja atanyamula kapepalako ndi manja awiri, atakapinda bwinobwino pakamwa. Anagwada patali pang'ono n'kukapereka.

"Amayi, munaiwala kutseka shuga. Nyerere zinayamba kulowa, ndazichotsa."

Amayi analandira. Anati, "Zikomo, bambo." Anakhala atagwira kapepalako pamiyendo, ndipo iye anagwadabe pomwepo, kudikira kuti amuuze chochita.